Apongozi Anga ndi Lefutenanti Wawo

Apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe ku Chilobwe atadwala sitiroko. Akazi awo anali atamwalira kale, mwana wamkazi analibe, ndipo kumudzi ku Chiradzulu kunalibe wowasamala. Amuna anga ndi dalaivala wa mathiraki, amatha masabata atatu ali m'njira ya ku Beira kapena ku Joni, choncho ntchito yonse inagwera ine. Mwana wathu mmodzi yekhayo anali ku sekondale yogonera komweko. Tsiku lonse tinkakhala awiri, ine pa makina anga osokera pakhonde, iwo pampando wa nsungwi pafupi ndi chitseko.

Nyumba yathu inali kumtunda, kumene msewu umathera n'kuyamba tinjira ta miyala tokwera phiri la Soche. Kutsogolo kwake kunali kabwalo kakang'ono ndi mtengo wa mapeyala umene tinaupeza pomwepo pogula pulotiyo.

Matendawo anawapha mkono wamanja. Sankatha kunyamula ngakhale kapu ya tiyi. Poyamba zinkandivuta kuwamwetsa, chifukwa kwathu mkazi sayandikira chotero abambo a mwamuna wake, koma matenda amathetsa manyazi. Za moyo wawo ndinkadziwa zochepa. Anali msilikali, anapuma ntchito ali sajeni, ndipo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anali m'gulu limene linatumizidwa kukalondera njanji. Ankangonena zokhazo. Amuna anga amati ngakhale iwo ali mwana sanamvepo zoposa pamenepo.

Chaka chachiwiri mutu wawo unayamba kusokonekera. Ankaiwala kuti adya kale, ankafunsa za akazi awo. Tsiku lina m'mawa ndikusesa, ndinamva akuitana ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, mawu ochokera m'mimba. Ankaitana kopolo. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe wina. Ankaitana ine. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa pakhomopo linali limenelo.

Chodabwitsa n'chakuti pa zausilikali pokhapo mutu wawo unali wolunjika bwinobwino. Ataona kuti sindikudziwa udindo wanga, anandiuza kuti ndibweretse chitini cha mabatani. Ndi dzanja lamanzere anayala mabataniwo patebulo la makina. Anaunjika khumi pamodzi, nati imeneyo ndi sekishoni, woyang'anira ndi kopolo, mizere iwiri pamkono, womuthandiza ndi lansi kopolo wa mzere umodzi. Milu itatu yotero ndiyo pulatuni. Pamwamba pa milu itatuyo anaika batani lalikulu la jekete, nati ameneyo ndi lefutenanti, ofesala, nyota zake zili paphewa osati pamkono. Pambali pake anaika kabatani kakuda. Ameneyo ndiye sajeni, iwowo. Mapulatuni atatu ndiyo kampani, mwini wake ndi meja, wachiwiri wake kaputeni, ndipo pali sajeni meja amene masajeni onse amamuopa kuposa mmene amaopera meja yemwe. Anandiuza kuti lamulo silidumpha munthu. Limachoka kwa meja kupita kwa lefutenanti, kwa lefutenanti kupita kwa sajeni, kenako kwa kopolo. Anandibwerezetsa mpaka ndinaloweza. Nditakhoza anagwedeza mutu, kenako anandifunsa ngati akazi awo abwerako kumunda.

Mabatani amenewa anandithandiza pa mankhwala. Apongozi anali atayamba kukana mapiritsi a BP, ati kopolo sangalamule sajeni. Ndiye ndinkabwera ndi madzi n'kunena kuti bwana lefutenanti alamula kuti mumwe. Ankamwa osatsutsa. Ndinawauza amuna anga pafoni, tonse tinaseka. Kwa miyezi iwiri ndinkadziona wochenjera.

Kenako kunayamba perete. Cha m'ma teni m'mawa, dzuwa litakwera, ankadzuka pampando n'kukoka mwendo mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala. Ankaima njo, msana wowongoka kuposa mmene ndinkadziwira kuti ungawongoke, n'kuyamba kuitana maina. Anali maina oposa makumi atatu, ndipo ndondomeko yake sinkasintha. Akaitana dzina ankadikira pang'ono ngati wina akuvomera. Maina ena anayi ankawatchula chapansipansi osadikira yankho. Akamaliza ankatembenukira kumanja, kupereka lipoti m'Chingerezi chodukaduka cha kubalakisi, n'kukweza mkono kupereka saluti. Unali mkono wamanja uja. Unkakwera msanga, zala zowongoka, kufika pachipumi. Perete akatha unkagwanso n'kumalendewera ngati mkono wa shati yopanda munthu. Ndinayesa kuwapatsa kapu nthawi yomweyo kuti ndione, koma zala sizinagwire.

Anansi ankaimirira kumpanda n'kumaonerera, ena ankaseka. Ine poyamba ndinkangopitiriza kupalasa makina. Chimene chinayamba kundisowetsa mtendere sichinali kufuulako ayi, koma kumvetsera kwawo. Akapereka lipoti ankakhala chete, maso atakweza pang'ono ngati akuyang'ana munthu wamtali kuposa iwo. Nthawi zina cheteyo anali wamfupi, nthawi zina wautali, ndipo nkhope yawo inkasintha monga imasinthira ya munthu amene akuuzidwa zinthu zimene sanaziyembekezere. Tsiku lina anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wamkulu amene mwana wamugometsa. M'kanjira kopapatiza ka pakati pa nyumba ndi bafa ndinawaona kangapo akudziphatika kukhoma ngati akupatsa wina njira, kudikira, kenako n'kupitiriza.

Masana ena ndinabwera ndi mapiritsi, n'kunena mawu anga a masiku onse aja. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Kopolo, bwana ali pomwepa. Sananene zimenezo."

Anatembenukira kumanja kwawo, kumvetsera, kenako anatambasula dzanja lamanzere n'kulandira mapiritsiwo. Anati tsopano bwana anena. Anandichenjezanso kuti ndisadzayesenso kulankhula m'malo mwa ofesala. Ndinabwerera pamakina, koma ndinasoka mzere wokhota pa yunifolomu ya mwana wa eni ake mpaka ndinachita kuphwasula.

Amuna anga atabwera ndinawauza kuti nkhaniyi yasiya kuseketsa. Iwo anakumbukira kuti ku Ndirande kuli mkulu wina amene anagwira ntchito limodzi ndi abambo awo, ndipo anapita kukamufuna poganiza kuti mwina kuona mnzawo kungawakhazike mtima pansi. Mkuluyo anabwera Lachisanu lina asanapite ku mzikiti. Anali wamfupi, wa ndevu zoyera, manja odzaza zipsera chifukwa ntchito yake tsopano inali yokhoma zidebe ndi mbaula. Iyeyo ndiye anali kopolo weniweni wa m'pulatuni ya apongozi. Apongozi anamuzindikira nthawi yomweyo, koma sanamulonjere ngati munthu amene anasiyana naye kalekale. Anangomufunsa chifukwa chimene wachedwera.

Teni itakwana anapita pansi pa mtengo. Akopolo aja anawatsatira akumwetulira, kufuna kuwasangalatsa, ndipo dzina lawo litaitanidwa anavomera mwamphamvu. Koma apongozi atatembenukira kumanja n'kukweza maso, kumwetulira kuja kunatha. Perete atatha anabwera kudzakhala pa sitepe ya khonde, n'kupempha madzi. Amuna anga anali atatsikira kumsika, ndiye nkhaniyo anandiuza ine.

Anati lefutenanti wawo anali wamtali kwambiri, wowonda, wongotuluka kumene ku maphunziro a uofesala. Zaka zake zinali zoti apongozi akanatha kumubereka. Umo ndi mmene zimakhalira, anatero, ofesala wa pulatuni amabwera ndi nyota koma nkhondo saidziwa, sajeni amaidziwa nkhondo koma alibe nyota. Sajeni amamuphunzitsa zonse, kogona, koponda, mmene angalankhulire ndi anthu otopa, koma uku akumutchula bwana ndi kumupatsa saluti. Awiriwa ankagwirizana kwambiri. Lefutenantiyo sankachita kanthu asanayang'ane kaye nkhope ya sajeni wake.

Kampani yawo inamwazidwa m'mbali mwa njanji, pulatuni iliyonse pamalo pake. Meja anali kutali pa siteshoni ina, kaputeni anali atapita ndi ovulala. Iwo anaikidwa pa mlatho wina waung'ono m'chigwa, zitunda mbali zonse. Wailesi ya ova-ova yolankhulirana ndi meja inafa. Tsiku lachiwiri anthu a m'midzi yoyandikana anathawa onse, ndipo lefutenanti anaona kuti akuzingidwa. Anafuna kuti pulatuni ichoke pamlathopo ikwere chitunda kusanade. Mphamvu yolamula zimenezo anali nayo, chifukwa meja akasowa, ofesala amene alipo ndiye mwini chiganizo. Koma sajeni anakana. Anati meja anawaika pamenepo, ndipo popanda mawu a meja sachokapo. Akopolo anati anamva ndi makutu awo, anali chapafupi akutsuka mfuti. Lefutenanti anaumirira kawiri, kachitatu anagonja.

Adani anawathira nkhondo m'mamawa kuchokera pazitunda zija. Anthu anayi anafa. Lefutenanti nayenso anafa akukokera mnyamata wa ova-ova kunsi kwa mlatho.

Pofufuza pambuyo pake, akuluakulu anati cholakwa chinali cha ofesala, poti ndiye amalamula pulatuni. Sajeni sanafunsidwe zambiri. Anayamikiridwa kuti anatulutsa otsalawo bwino, ndipo patapita nthawi anafuna kumukweza akhale sajeni meja. Anakana kawiri konse, mpaka anapuma ndi mizere yake itatu yomweyo.

Ndinafunsa akopolo ngati akuganiza kuti apongozi akuonadi chinachake. Anayang'ana kumtengo kuja, nati sajeni amaima kumanzere kwa ofesala wake, phazi limodzi kumbuyo, ndipo apongozi anaima ndendende choncho. Ananditchulira nambala yawo ya foni kuti ndilembe. Ponyamuka anazungulira mtengowo patali, nandiuza kuti ndisamayanike zovala mbali imeneyo. Sanabwerenso.

Amuna anga nditawafotokozera anati ndi matenda a ukalamba basi, kuchipatala ananena kale. Anapitanso ku ulendo. Ine ndinatsala ndi perete wanga wa tsiku ndi tsiku. Ndinasamutsa chingwe choyanikira. Ndinapezeka kuti ndikamadutsa m'kanjira ka kubafa ndikuyenda chammbali, ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo.

Mvula ya namondwe wa Freddy itayamba, amuna anga anali ku Beira, msewu utatsekeka. Inagwa usana ndi usiku osapuma. Pa wailesi ankanena kuti okhala m'mphepete mwa mapiri ndi mitsinje asamuke, koma ambiri tinkati mvula timaidziwa, nyumba tingaisiyire ndani. Lamulungu m'mawa madzi anayamba kutuluka pansi pa simenti ya kuchipinda, osati kudontha kudenga ayi, kutumphuka pansi. Ngalande ya kuseri inkatsika ndi madzi ofiira, ndipo mkati mwake munkamveka miyala ikugubuduka. Mng'ono wanga wa ku Zingwangwa anaimba kuti titsike tikakhale kwa iye. Ndinalongedza zovala, mapepala a kuchipatala ndi mankhwala m'chikwama, ndinakutira makina ndi pulasitiki, n'kupita kukawauza apongozi.

Anakana. Tsiku limenelo perete anachitira pabalaza chifukwa kunja kunali kosatulukika, ndipo anali ataimabe pakati pa chipinda. Anati malo ano tinaikidwa, sitichoka popanda lamulo. Ndinagwada, ndinawachonderera monga mpongozi wawo, ndinawatchula abambo. Sanandimve. Kuwanyamula sindikanatha, anali munthu wa thupi, ndipo amuna a nyumba zoyandikana anali kalikiliki ndi makasu kupatutsa madzi. Ndinaimbira akopolo a ku Ndirande. Foni inkadukaduka, koma ndinamva akuti ndiwauze kuti lamulo lachokera kwa meja.

Ndinaima mowongoka mmene ndinkawaonera iwo akuchitira, msana wanga kukhomo, n'kunena kuti meja walamula kuti pulatuni isamuke.

"Meja salankhula ndi kopolo," anatero. "Ndipo ova-ova inafa dzana."

Magetsi anali atazima kuyambira dzulo lake, m'nyumba munali kamdima ka mitambo ngakhale inali cha m'ma thu koloko masana. Pamalata mvula inkasokosa moti tinkachita kukweza mawu. Ndiye ndinaona maso awo akuchoka pa ine, kukwera pamwamba pa phewa langa, kuloza kukhomo kumbuyo kwanga. Chitseko chinali chotseka, ndinali nditachikhoma ndekha ndi chitsulo chifukwa cha mphepo. Komabe kumsana kwanga kunazizira monga kumachitira wina akatsegula chitseko, ndipo ndinamva fungo la tenti yonyowa. M'nyumba mwathu munalibe tenti.

Apongozi anamvetsera. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, mwaulemu, mawu a munthu wamkulu wolangiza mwana.

"Koma bwana, meja anatiika pano. Popanda mawu a meja ife..."

Analekeza pakati ngati wina wawadula. Anamvetsera nthawi yaitali. Sindinatembenuke. Ndinkangoyang'ana batani lachiwiri la shati yawo, limene ndinasokerera ndekha ndi ulusi wosiyana mtundu. Mkono wamanja uja unakwera kufika pachipumi n'kukhala pomwepo.

"Ndamva, bwana."

Anautsitsa, n'kundiyang'ana.

"Kopolo, tikunyamuka. Uza anthu onse."

Sanalole kuti tingotsika tokha. Tinagogoda nyumba zisanu za mu mzere wathu, iwo atatsamira paphewa langa, mvula ikutimenya kumaso. Pakhomo lililonse ankanena mawu omwewo, kuti lamulo labwera, aliyense atsike tsopano. Anthu ankawadziwa ngati agogo a perete aja. Ena anaseka, ena anatiuza mwachifundo kuti tipite tikafunde. Mayi wina wa ana atatu, amene mwamuna wake anali mlonda m'tauni, anandiyang'ana ine osati iwo, ndipo sindikudziwa chimene anaona pankhope panga, koma anabereka wamng'onoyo n'kutitsatira. Banja lina la achinyamata linabweranso. Tonse tinakwana anthu asanu ndi atatu.

Potsika anatiika pamzere, ana pakati, ine ndi iwo kumapeto. Ndinawauza kuti apite patsogolo poti ndi odwala. Anati ayi, sajeni amakhala kumbuyo kuona kuti pasatsale munthu, ndipo lero bwana anena kuti atseka okha mzere, kumbuyo kwa sajeni. Kanjira kanali katasanduka mtsinje. Tinkaponda mwala ndi mwala, madzi m'mawondo. Apongozi anali kumanzere kwanga, mkono wanga m'chiuno mwawo. Kumbuyo kwathu kunalibe amene ndinkamudziwa, koma njira yonse mpaka kumsewu wa tala ndinkamva kuponda kwina, kolemera, kwa nsapato zazikulu, kosagwirizana ndi kwathu. Tikaima kuti apume, kunkapondanso kawiri n'kuima. Mwina anali madzi akugunda miyala. Ndaganizapo zimenezo kambirimbiri. Sindinacheuke ngakhale kamodzi.

Pa tala tinapeza minibasi imodzi imene dalaivala wake ankaithawitsa kuchokera kumtunda. Anatitenga tonse. Apongozi anakwera pomaliza, atawerenga mitu yathu ndi chala. Kondakitala atafuna kutseka chitseko anamugwira mkono kuti adikire. Anayang'ana kunjira imene tinatsikira, kumvetsera, kenako anamusiya kuti atseke. Anati bwana atsala.

Phiri linagumuka usiku womwewo. Ife tinali kwa mng'ono wanga, sitinaone. Ndinabwererako patapita masiku anayi. Pamene panali mzere wathu panali matope ndi miyala ikuluikulu ngati nyumba, moti pulotiyo ndinailondola poyang'ana thanki ya madzi ya kutsidya imene inatsala. Nyumba, makina, mtengo, zonse zinapita. Mwa makomo asanu amene tinagogoda, atatu aja amene anakana, anapulumuka anthu awiri okha. Mmodzi mwa amene anapita anali mayi amene ankandibweretsera nsalu za kwaya yawo kuti ndisoke, ndipo tsiku lija anatipatsa ambulera yake pakhomo. Mkulu wina amene ankafukula nawo anandifunsa kuti ife tinadziwa bwanji. Ndinati tinamva pa wailesi.

Ku Zingwangwa apongozi sanachitenso perete. Teni inkakwana iwo ali pampando, kuyang'ana nkhuku. Anasiya kunditchula kopolo, anayamba kunditchula mayi, nthawi zina ankandiyesa mlongo wawo amene anamwalira ali mtsikana. Mapiritsi ankamwa popanda kufunsa kuti walamula ndani. Mkono uja sunakwerenso. Nthawi ina ndinawayesa, ndinafunsa kuti kodi bwana lefutenanti ali kuti masiku ano. Anandiyang'ana mwaulemu ngati mlendo amene wafunsa njira ya kumudzi umene saudziwa.

Amuna anga atafika anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanatsutse, koma anandipempha kuti ndisamaikambe nkhaniyi kutchalitchi. Tinapeza nyumba ya lendi ku Machinjiri, pamalo athyathyathya, kutali ndi phiri. Apongozi anakhala nafe kumeneko chaka chimodzi ndi miyezi ingapo. Anamwalira nyengo yozizira, masana, atangomaliza kumwa phala, ine ndikutsuka kapu.

Tinakawaika ku Chiradzulu. Akopolo a ku Ndirande anabwera, anaima chapatali pamene a mpingo ankaimba, kenako anadzaponya dothi m'manda. Anthu akubalalika anandipeza kuseri kwa nyumba ndikutsuka mbale ndi amayi ena, nandiitanira pambali. Ndinali nditawauza kale pafoni mmene tinatsikira, koma anafuna kumva chinthu chimodzi.

"Tsiku lijalo, sajeni anatsutsa?"

"Anayamba, koma analekeza."

Anagwedeza mutu. Anandiuza kuti mwa anthu a pulatuni ija amene iwo akuwadziwa, atsala awiri, iwowo ndi wina wa ku Balaka amene sakuonanso. Ndinawapatsa chakudya m'kontena kuti akadyere kunyumba poti monga Msilamu nyama ya pamaliropo sakanadya, ndinawaikira nyemba ndi mpunga. Amuna anga anawaperekeza kumsewu kukadikira minibasi ya ku Limbe.